Chamba cha pepo ndi chikomekome cha mkuyu

Lachiwiri lapitali, pa pulogalamu yathu ya usiku ya achinyamata, tinali kukambirana za ulova. Kutatsala mphindi zisanu kuti titseke, mnyamata wina anatuma foni. Mawu ake anali a mwana waulemu, osati a munthu woledzera. Anati: “Ba presenter, ine ninasiliza Giredi 12 zaka zitatu zapita, nchito kulibe. Manje naona pa Facebook muntu agulisa mbeu ya chamba ya purple, ija ya ku America, zisanu pa K800. Akuti boma inavomeleza kudala. Nikabyala chabe kumbuyo kwa nyumba, siningapezeko kapito?”

Mu studio tinaseka, ndipo nthawi inatithera ndisanamuyankhe bwino. Koma nditafika kunyumba kuseka kunandithera. Mnyamata uja sanali kuchita nthabwala. Anali atawerengera kale ndalama yake, ndipo ndikhulupirira kuti K800 imeneyo inali yochokera ku mapisiweki a miyezi ingapo, mwina ya kwa amayi ake ogulitsa tomato. Choncho ndikulemba pano zimene ndinalephera kunena pa wailesi. Mng'ono wanga, ngati ukuwerenga, yankho langa ndi ili: usagule. Ndipo sindikuuza chabe kuti “chamba ndi choipa” monga amakuuzira akuluakulu, ayi. Ndifuna udziwe chinthu chimene akufuna kukugulitsacho, kumene chinachokera, chifukwa chake chili ndi kala imeneyo, ndi chimene chimafuna kuti chikule. Ukadziwa zimenezi udzaona wekha kuti amene adzadyerera pa nkhaniyi si iwe.

Tiyambe ndi dzina. Chamba cha pepo chimene chadzaza zithunzi pa intaneti chili ndi mayina ambiri: Purple Kush, Purple Urkle, Purple Punch, Grape Ape ndi ena. Chotchuka kwambiri ndi Granddaddy Purple. Chinatulukira mu 2003 ku California, m'dera la mzinda wa San Francisco, ndipo amene anachifalitsa ndi Ken Estes, bambo amene analumala pa ngozi ya njinga yamoto akali mnyamata. Alimi a kumeneko amati chinabadwa pokwatitsa mitundu iwiri, Purple Urkle ndi Big Bud. Woyambawo unapereka kala, wachiwiriwo unapereka mitu ikuluikulu ya maluwa. Makolo ake ndi a gulu lotchedwa indica, lochokera ku mapiri a Hindu Kush, cha ku Afghanistan ndi Pakistan, kumene mbewu zake zinatengedwa ndi azungu oyendayenda m'zaka za m'ma 1970.

Maonekedwe ake ndi osiyana ndi chamba chimene ambiri tinachionapo kumudzi chitabisika pakati pa chimanga. Chathu chimatalika kuposa munthu, masamba ake ndi owonda ngati zala, maluwa ake ndi otayana, ndipo chimatenga miyezi yambiri kuti chikhwime. Cha pepocho ndi chachifupi, cha masamba otambalala, mitu yake ndi yothinana ndi yolimba, ndipo ikakhwima imada mofiirira ngati mabulosi akupsa, ndi tiulusi ta kala ya lalanje pamwamba. Chimanunkhira ngati zipatso za mpesa. Amene amachisuta amati chimalemeretsa thupi, chimaumitsa kukamwa, chimabweretsa njala ndi tulo. Pa chithunzi chimaoneka bwino zedi, zimenezo sinditsutsa. Ndipo chithunzicho ndiye malonda onse.

Tsopano funso limene wogulitsa safuna kuti ufunse: kodi kala ya pepoyo imachokera kuti? Imachokera ku utoto wa chilengedwe wotchedwa anthocyanin. Utoto umenewu si wachilendo, uli mumsika wa Soweto tsiku lililonse. Ndi umene uli m'mabulosi, m'khungu la biringanya, mu kabichi wofiira, mu anyezi wofiira, ndi mu kandolo uja wa pepo mkati. Mbewu zina zimabadwa ndi utoto umenewu wambiri. Pamene zikukula umabisika pansi pa kubiriwira kwa masamba, koma zikayamba kukhwima, makamaka usiku ukamazizira, kubiriwirako kumachepa ndipo pepo uja amaonekera. Basi, nkhani yonse ya kala yathera pamenepo. Palibe matsenga.

Amene munakulira ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke mukumbukira chimanga chaching'ono chikasanduka chofiirira m'mbali mwa masamba. Kodi agogo ankavina kuti chaka chino tapeza chimanga chapamwamba? Ayi ndithu. Ankadziwa kuti nthaka yatopa, chimanga chikulira njala, ndipo alangizi amati chasowa phosphorous, mchere umene uli mu fetereza wa D compound. Chamba nachonso chingathe kufiirira chifukwa cha njala kapena kuzizira, ngakhale chisali cha mtundu wa pepo. Ndiye kuti kala imene ukuilipirira ndalama zambiriyo nthawi zina ndi chizindikiro chabe chakuti mtengo unali kudwala.

Chimene chimaledzeretsa mu chamba ndi mankhwala otchedwa THC, ndipo sakhala mu utoto. Amapangidwa mu tiubweya tating'ono tonata timene timakuta duwa ngati shuga wowazidwa. Tiubweya timeneti tilibe nchito ndi kala ya tsamba. Chamba chobiriwira chingathe kukhala ndi THC wambiri kuposa cha pepo, ndipo cha pepo chingathe kukhala chofooka. Ngakhale fungo lija amalitamanda limachokera ku mafuta a chilengedwe, monga otchedwa myrcene, amene amapezekanso mu mango. Choncho munthu akakuuza kuti “ichi nchamphamvu, taona kala yake,” dziwa kuti mwina sadziwa zimene akunena, kapena akudziwa koma wakuona kuti ndiwe wosavuta kupusitsa. Kugula chamba chifukwa cha kala kuli ngati kukwera minibasi chifukwa cha penti, osafunsa za mabuleki.

Tibwere ku ulimi wake, popeza mnyamata uja anali kulota za kapito. Mbewu iliyonse ili ndi kwawo. Chamba chimayamba kutulutsa maluwa chikamva kuti usiku watalika kufika maola pafupifupi 12. Ku California mwezi wa June dzuwa limakhala maola opitirira 14, choncho mtengo umapeza miyezi yokula thupi usanayambe maluwa. Kuno ku Lusaka tili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi. Usana wathu umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Mitundu ya indica ikafika kuno imaganiza kuti nyengo yatha kale, imathamangira maluwa ikali yaing'ono, ndipo zokolola zake zimakhala za manyazi. Zithunzi zija za mitu yonga mkono wa munthu sizinajambulidwe kumbuyo kwa nyumba ku Kanyama.

Kenako pali mvula. Kuyambira November mpaka April kuno kumakhala chinyezi. Chamba cha kwathu chili ndi maluwa otayana, mphepo imadutsamo. Cha pepocho mitu yake ndi yothinana, madzi akalowa satuluka, ndipo chimaola kuyambira mkati, kunja kukuonekabe bwino. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo apa mwambiwu wagwera pake penipeni. Chuku chimene chimamera mmenemo munthu akachikokera m'mapapo si nkhani yaing'ono, makamaka kwa amene ali ndi chifuwa cha TB kapena amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika.

Nanga eni ake amalima bwanji? Ambiri amalima m'zipinda zotsekedwa, ndi magulobo amphamvu oyaka maola ochuluka tsiku lililonse, mafani, makina oziziritsa ndi ochotsa chinyezi, kwa miyezi itatu kapena inayi osadukiza. Ndi ulimi wa fakitale. Tsopano kumbukira chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene malaiti anali kupita maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku. Ometa tsitsi anatseka, owotcherera zitsulo anali kugwira nchito pakati pa usiku, nyama inaola m'mafiriji. Iwe amene umagula mayunitsi a K50 kuti uchajeko foni, ukuganiza kuti udzapikisana ndi munthu wa ku Oakland? Ndipo fungo lake silibisika. Pa pulotu imene mabanja asanu ndi atatu amatunga pa mpopi umodzi, alandilodi adzadziwa sabata yomweyo, ndipo amene unakangana naye pa nkhani ya chimbudzi adzadziwa kumene angakanene.

Za mbewu zenizenizo ndiye zomvetsa chisoni. Mlimi aliyense wa chimanga amadziwa kuti mbewu ya haibulidi ukaibwereza, chaka chachiwiri imabala zosiyanasiyana, zina zazitali, zina zopanda kanthu. Mitundu ya chamba ya masiku ano nayonso ndi yokwatitsa, ndipo alimi a kunja akafuna kusunga mtundu weniweni amadula nthambi monga timachitira ndi chinangwa. Njere zisanu za mu kapepala sizilonjeza kanthu. Zina zidzamera zazimuna, zimene sizibala mitu imene ukufunayo. Ndipo njere ya chamba ilibe chizindikiro. Ya ku California ndi ya ku Chibolya zimafanana. Munthu angathe kutola njere pansi pa tebulo, kutenga chithunzi pa intaneti, kulemba dzina la Chingerezi, iwe nkutumiza ndalama pa foni. Mawa nambala yake siipezeka. Ukapita kuti? Kwa akapokola, kukanena kuti “bwana, andibera pogula mbewu ya chamba”? Wakubayo amadziwa bwino kuti wasankha malonda amene wobedwa sangathe kudandaula.

Wina anena kuti: chabwino, kala ilibe nchito, koma mitundu ya kunjayi ndi yamphamvu ndithu. Zoona, ndipo vuto lagona pomwepo. Ku America, chamba chimene boma linali kulanda mu 1995 chinali ndi THC pafupifupi 4 peresenti. Pofika 2014 anali atakwera kufika pafupifupi 12 peresenti. Mitundu monga Granddaddy Purple amaitsatsa kuti imafika cha m'ma 20 peresenti. Alimi akhala akusankha dala mitengo yoledzeretsa kwambiri, ndipo mankhwala ena a mu chamba otchedwa CBD, amene saledzeretsa, akhala akuchepa m'mitundu yambiri yogulitsa. Choncho amene amati “agogo anga anali kusuta ndipo anafa ali ndi zaka 90” akuyerekeza chibuku ndi kachasu. Zonse ndi mowa, koma sizigwetsa mofanana.

Mu 2019 magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet Psychiatry inatulutsa kafukufuku wochitika m'madera 11 a ku Ulaya ndi ku Brazil, wotsogoleredwa ndi Marta Di Forti wa ku London. Anapeza kuti osuta chamba tsiku lililonse anali pa ngozi yodwala matenda osokoneza mutu, aja omva mawu amene kulibe ndi kuopa anthu popanda chifukwa, kuwirikiza katatu poyerekeza ndi amene sanasutepo. Kwa osuta chamba champhamvu tsiku lililonse, cha THC wa 10 peresenti kapena kuposa, ngoziyo inafika pafupifupi kasanu. Si onse osuta amene amadwala, ndipo sindinama kuti ndi onse. Koma palibe amene amadziwiratu kuti mutu wake ndi wa gulu liti. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo mwa amene amayamba kusuta asanakwane zaka 20, pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi amafika polephera kusiya.

Ine manambala amenewa ndimawaona ndi nkhope. Ndinakula ndi mnzanga wina, wosewera mpira bwino kuposa tonse pa komboni pathu. Anayamba ndi kamodzi pa Loweruka, kenako tsiku lililonse, kenako anayamba kusakasaka “champhamvu” chifukwa chamasiku onse sichinali kumugwiranso. Tsiku lina anatseka chitseko nkukana kudya, akuti amayi ake amuthirira mankhwala mu nsima. Ndinali nawo pa gulu limene linamugwira manja kupita naye kuchipatala. Anachira, koma mpira unathera pomwepo, ndipo mpaka lero amamwa mapiritsi. Amayi ake anagulitsa mashini yosokera kuti apeze ya transipoti ndi ya chakudya cha wodwala. Amene anali kumugulitsa chamba sanabwere kudzamuona ngakhale tsiku limodzi.

“Koma ndi mankhwala,” amatero ena. Inde, mu chamba muli mankhwala, ndipo amene amakana zimenezi nayenso akunama. Mu 2018 boma la America linavomereza mankhwala otchedwa Epidiolex, opangidwa kuchokera ku CBD, othandiza mitundu ina yovuta ya khunyu imene imayamba pa ubwana. Palinso mankhwala a THC amene amapatsidwa kwa odwala khansa kuti asamasanze. Koma taona kusiyana kwake: amayezedwa, amalembedwa mlingo, amaperekedwa ndi dokotala kwa munthu amene wapimidwa. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo, koma palibe amene amatafuna mtengo uliwonse akadwala malungo. Ndudu yopichira kuseri kwa kantemba, yosadziwika mphamvu yake, yosadziwika chimene anapopera kumunda, si mankhwala. Ndipo kala ya pepo siiwonjezera uchipatala uliwonse. Ukafuna ubwino wa anthocyanin, kadye mabulosi. Ukauwotcha ndi moto wapita.

Tsopano bodza lalikulu koposa: “boma linavomereza.” Tiyeni tilongosole bwino, chifukwa bodza limeneli latsekeretsa ana a anthu. Mu December 2019 nduna za boma zinagwirizana kuti chamba chizilimidwa kaamba ka mankhwala ndi kugulitsa kunja, ndipo amene analengeza anali a Dora Siliya, mneneri wa boma pa nthawiyo. Mu 2021 nyumba ya malamulo inakhazikitsa malamulo atatu: Cannabis Act, nambala 33; Industrial Hemp Act, nambala 34; ndi Narcotic Drugs and Psychotropic Substances Act, nambala 35. Awiri oyambawo amatsegula khomo kwa okhawo amene ali ndi laisensi, pa nchito za mankhwala, za kafukufuku ndi za mafakitale. Lachitatulo ndi limene limakhudza iwe ndi ine. Kusuta, kusunga, kugulitsa kapena kubzala chamba popanda chilolezo ndi mlandu mpaka lero, ndipo a DEC sanatseke maofesi awo. Lamulo silifunsa kala. Chobiriwira, cha pepo, cha ku America, cha kwa agogo, unyolo wake ndi umodzi.

Ndipo chilango sichithera pa chipata cha Chimbokaila. Ukatuluka, zala zako zimatsala m'mabuku. Tsiku limene adzaitane anthu ofuna usilikali, upolisi, uphunzitsi kapena nchito ya ku migodi ku Solwezi, adzafuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ulibe mlandu. Tsiku limene udzafune visa, funso lomwelo lidzabwera. Ku California munthu wa zaka 21 amalowa mu shopu, kugula chamba choyezedwa ku labu ndi kulandira lisiti, chifukwa anthu a kumeneko anavota kusintha lamulo lawo, koyamba mu 1996 kaamba ka odwala, kenako mu 2016 kaamba ka akuluakulu onse. Iwe ukuonera vidiyo ya munthu amene lamulo la kwawo likumuteteza, nkufuna kumutsanzira m'dziko limene lamulo lake lidzakumanga. Iye adzapeza ma like, iwe udzapeza nambala ya mkaidi.

Apa ndikudziwa kuti ena mwakwiya kale. Mukuti: “Nanga mowa? Nanga kachasu amene akupha anthu m'makomboni? Bwanji osalemba za iwo?” Mukunena zoona. Mowa wapasula mabanja ambiri kuposa chamba, ndipo tujilijili tinachita kuletsedwa mu 2012 titawononga kale ana a sukulu. Ndidzalembanso za zimenezo. Koma kukhalapo kwa ng'ona pa dooko sikusandutsa mvuu kukhala mbuzi. Mukutinso: “Lamuloli ndi lokondera.” Pamenepo ndili nanu, ndipo ndifuna akuluakulu amve.

Pamene boma linalengeza za chamba mu 2019, manyuzipepala analemba kuti laisensi idzakhala ya madola 250,000 pa chaka. Ndani ku Mtendere, ku Chawama kapena ku Garden amene anaonapo ndalama yotere? Ndiye kuti mbewu imodzimodziyo, ikakhala m'manja mwa munthu wa kampani ndi mpanda wa waya, imatchedwa chitukuko, ikakhala m'thumba la mnyamata wa ku komboni imatchedwa umbanda. Pansi pa lamulo lakale, kupezeka ndi chamba chopitirira theka la galamu kunali kokwanira kuti munthu aimbidwe mlandu wogulitsa. Theka la galamu! Ana angati anagona m'zitokosi pamodzi ndi mbava zenizeni chifukwa cha kanthu kosadzaza ngakhale kabokosi ka machesi? Mwana amene wakodwa ndi chamba amafuna dokotala ndi uphungu. Ndende imangomuphunzitsa zina zoipa kuposa zimene analowa nazo.

A Peter Sinkamba a chipani cha Green Party anayamba kalekale kunena kuti chamba chingabweretse ndalama zakunja, anthu nkumawaseka. Lero mayiko ena a kuno kumwera kwa Africa analowamo: Lesotho mu 2017, Zimbabwe mu 2018, Malawi mu 2020. Koma funsani kuti mlimi wamng'ono wapindula chiyani. Ku Malawi alimi ambiri amene anasonkha ndalama m'magulu kuti alime chamba chovomerezeka anatsala akudandaula kuti msika umene analonjezedwa sunaoneke. Ku California kwenikweniko, kwawo kwa Granddaddy Purple, mitengo inagwa kwambiri mu 2021 ndi 2022 chifukwa cha kuchuluka kwa katundu, ndipo alimi ang'onoang'ono a ku Humboldt ndi ku Mendocino, amene analima kwa zaka makumi, ambiri anasiya minda yawo. Ngati eni mbewu akulira, iwe wa njere zisanu udzaseka bwanji?

Pali chinthu chinanso chimene chimandipweteka. Kwa zaka zambiri azungu akhala akubwera kuno kumwera kwa Africa kudzatola mbewu za chamba cha makolo. Malawi Gold ndi Durban Poison ndi mayina odziwika dziko lonse, ndipo makampani a mbewu a ku Ulaya ndi ku America anazigwiritsa nchito kupanga mitundu yawo yatsopano imene amagulitsa pa madola. Mudzi umene mbewuzo zinachokera sunalandire ngakhale ngwee. Lero zidzukulu za mbewu za anthu osauka a ku Africa ndi ku Afghanistan zikubwerera kwa ife zitavala suti ya pepo ndi dzina la Chingerezi, ife nkumaombera m'manja. Ndi matenda athu akale aja: chilichonse chochokera kunja nchabwino, ngakhale salaula yong'ambika.

Choncho ngati mkwiyo uli nawo, ndipo uyenera kukhala nawo, upite nawo kumene ungagwire nchito. Funsa phungu wa kwanu kuti malamulo a 2021 aja afika pati. Funsa chifukwa chake makopaletivu a achinyamata sangapatsidwe laisensi yotsika mtengo yolima hemp, chamba chija chosaledzeretsa chimene chimapanga zingwe, nsalu, mapepala ndi mafuta. Funsa chifukwa chake malo othandizira amene akufuna kusiya chamba ndi mowa ali ochepa chonchi, kotero kuti banja losauka limangodziwa dzina limodzi, Chainama. Funsa kuti kodi kumanga mwana wa zaka 19 chifukwa cha ndudu imodzi kwathandiza ndani. Mafunso amenewa ndi ololedwa, palibe amene angakumange chifukwa chowafunsa, ndipo maikolofoni yathu ilipo. Lamulo loipa limasinthidwa ndi anthu amene ali panja ndi khadi la voti m'thumba. Amene ali mkati mwa ndende amangowerenga masiku.

Ndipo inu makolo, abusa ndi aphunzitsi, lekani kuyankha ana ndi mawu amodzi akuti “ndi Satana.” Mwana wa lero ali ndi foni. Mukamuuza kuti aliyense wosuta amapenga, iye akuona anthu pa YouTube amene sanapenge, ndipo kuyambira tsiku limenelo sakhulupiriranso chilichonse chochokera pakamwa panu, ngakhale choona. Wogulitsa njere uja amapambana chifukwa amalankhula ndi mwana ngati munthu wanzeru, amamupatsa mayina, manambala ndi zithunzi. Ifenso timupatse mayina ndi manambala, koma oona. Mwana amene wadziwa kuti pepo wa chamba ndi yemweyo wa mu kabichi wofiira savuta kumuteteza.

Mng'ono wanga wa Lachiwiri, sindikudziwa dzina lako, ndipo sindifuna kulidziwira pa nkhani za kukhoti. Ndikudziwa kuti zaka zitatu pakhomo popanda nchito zimawawa. Inenso pa wailesi pano ndine wodzipereka chabe, ndili ndi satifiketi ya ku koleji imene yakhala mu envulopu nthawi yaitali kuposa mmene ndinaganizira. Sindikulonjeza kuti K800 ikulemeretsa. Koma ingagule mbewu ya repu, ya chibwabwa ndi ya anyezi pamodzi ndi keni yothirira, kapena tianapiye tochepa toyambira, kapena mashini yometera ya batire. Zimenezo ukabzala kapena ukagula, sudzadzidzimuka galimoto ikaima pa geti usiku. Ndipo ngati mtima wako wakondadi kala ya pepo, bzala biringanya. Amayi a ku msika adzakugula masana, anthu onse akuona.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Lachiwiri likubwerali tidzatsegula mafoni pa nkhani yomweyi kuyambira poyamba, osati mphindi zisanu zomaliza. Amene mukutsutsana nane tumani foni, tikangane bwinobwino. Iwenso mng'ono wanga utume, undiuze kuti K800 ija ikali m'thumba.